Mlendo Ndiye Abwera ndi Kalumo Kakuthwa

Tsiku lotsegulira teremu ine ndimaliopa kuposa tsiku la mayeso. Sikuti ndimadana ndi sukulu ayi. Chimene chimandisautsa ndi nthawi ija ya madzulo pamene aliyense akutsegula thiranki lake kogona kuja. Wina akutulutsa nsapato mapeyala atatu, wina mabotolo a chiponde, mkaka wa m'chitini, sopo wonunkhira, shuga mapaketi anayi. Teremu yathayi ine ndidatsegula langa nditafulatira anzanga, pakuti mudali malaya awiri, mitanda iwiri ya sopo wochapira ndi kathumba ka mtedza umene mayi adakazinga usiku woti ndinyamuka mawa. Mapemphero a usiku ndidapemphera nawo, pakamwa pakuyenda bwinobwino, koma mtima wonse udali m'thiranki la mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa.

Ndikuulula zimenezi poyera chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ndipo patapita masabata angapo ndidazindikira chinthu china: mnzanga wa thiranki lodzaza uja nayenso analibe mtendere. Adaikapo maloko awiri, makiyi akuyenda nawo m'khosi pamodzi ndi kolona, ndipo ali m'kalasi amangoganiza ngati watsekadi. Ine nsanje, iye mantha. Tonse awiri tikuti tikufuna kudzakhala ansembe.

Nthawi yomweyo n'kuti tikuphunzira za zipembedzo za pa dziko lapansi, ndipo ndidayamba kuwerenga za amonke a Chibuda a ku Thailand, Myanmar ndi Sri Lanka. Zimene ndidapeza ndizo zandichititsa kulemba nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti anthu amenewa, ngakhale sadziwa Khristu, ali ndi phunziro limene ife a m'seminale, abambo athu ansembe ndi makolo athu tiyenera kulimva. Ndikudziwa kuti ena anena kuti kamnyamataka mabuku akasokoneza mutu. Oterowo ndiwakumbutse kuti pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chimene chimatchula Chibuda ndi dzina, n'kuphunzitsa kuti Mpingo sutaya choona kapena choyera chilichonse chopezeka m'zipembedzo zina. Ndipo pa 27 Okutobala 1986 Papa John Paul II adaitanira atsogoleri a zipembedzo ku Assisi kudzapempherera mtendere, Dalai Lama ali pomwepo. Tsono ngati ndasochera, sindidasochere ndekha.

Mwini chipembedzochi, Siddhartha Gautama, adabadwira ku Lumbini, dera limene lero lili m'dziko la Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Mbiri imene Abuda amasunga imati adali mwana wa mfumu Suddhodana ya fuko la Shakya, ndipo bambo wakeyo adamutchingira kuti asaone chowawa chilichonse. Adakula akudya zonona, adakwatira Yasodhara, nabereka mwana wamwamuna dzina lake Rahula. Koma tsiku lina atatuluka kunja kwa mpanda adaona nkhalamba, tsiku lina munthu wodwala, tsiku lina maliro, ndipo potsiriza adaona munthu wosiya zonse akuyenda ndi mbale yopemphera chakudya, nkhope yake ili phee. Ali ndi zaka 29 adachoka pakhomo usiku.

Gawo lotsatirali ambiri amalidumpha, koma kwa ine ndilo lofunika. Kwa zaka 6 Gautama adadzizunza ndi njala mpaka nthiti zonse kuonekera, poganiza kuti mtendere upezeka pozunza thupi. Sadaupeze. Atatsala pang'ono kufa adalandira mpunga wophika ndi mkaka kwa mayi wina wa m'mudzi dzina lake Sujata, ndipo anzake asanu amene ankasala naye adamuthawa, amvekere wagonja. Ku Bodh Gaya, ali ndi zaka 35, atakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu, ndi pamene Abuda amati maso ake adatseguka, n'kutchedwa Buddha, kutanthauza wogalamuka. Ulaliki wake woyamba adauchita ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi, kwa anzake asanu omwe aja, ndipo adawauza kuti njira ili pakati: kusamira m'zokoma n'kulakwa, kudzizunza n'kulakwanso. Adaphunzitsa zaka 45, namwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80.

Phata la chiphunzitso chake silovuta kulimva, chovuta ndi kulichita. Iye adati moyo wa munthu uli ndi kusakhutira kumene m'chiyankhulo cha Pali amati dukkha, ndipo muzu wake ndi tanha, mawu otanthauza ludzu. Ludzu limeneli silitha ndi kumwa. Tonse tikulidziwa. Pa holide munthu umalira foni, ukaipeza umasangalala sabata imodzi, kenaka umaona ya msuweni wako yojambula bwino, basi yako ija yasanduka chikutu. Makolo athu adaziona kale zimenezi pamene ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chimene Buddha adawonjezera ndi kunena kuti ludzulo lingathe kuzimitsidwa, ndipo adayala njira ya mbali 8 yokhudza kaganizidwe, kayankhulidwe, ntchito imene munthu amadyera, ndi kusinkhasinkha mwakachetechete.

Tsono taonani momwe mmonke wa chigawo cha Theravada amakhalira. Ali ndi malamulo 227 amene amonke amawerengerana kawiri pa mwezi, mwezi ukakhala wathunthu ndi pamene uli mumdima. Katundu wake, monga mwa mwambo wakale, ndi zinthu 8: nsalu zitatu zovala, mbale, lumo, singano, lamba, ndi kasefa kosefera madzi kuti asaphe tizilombo pakumwa. Nsalu zakezo amazisoka zigambazigamba, mizere yake ikufanana ndi minda ya mpunga, ndipo poyamba penipeni ankatola nsanza zotayidwa n'kuzichapa ndi kuzinyika mu utoto. Nsalu yotere ngakhale mbala siyiyang'ana kawiri. M'mawa kukangocha amatuluka wopanda nsapato, mbale ili m'manja, kudutsa m'mudzi ali chete. Sagogoda pakhomo, satchula chimene akufuna. Chimene chagwera m'mbalemo ndicho chakudya cha tsikulo, ndipo ayenera kudya dzuwa lisanafike pamutu. Saloledwa kusunga chakudya kuti adye mawa, saloledwa kulandira ndalama, saloledwa ngakhale kukumba nthaka. Anyamata a msinkhu wathu, amene sanakwane zaka 20, amalowa ngati ophunzira otchedwa samanera ndipo amasunga malamulo 10. Ku Thailand kulinso mwambo woti mnyamata amakameta n'kukhala mmonke kwa kanthawi, kale makamaka miyezi itatu ya dzinja, kenaka n'kubwerera kwawo kukakwatira. Si Abuda onse amene amatsata ndondomeko imeneyi ndendende. A chigawo cha Mahayana ku China ndi ku Taiwan, monga amene adatsegula malo olerera ana amasiye a Amitofo ku Blantyre, ali ndi makhalidwe awo ena.

Pa malamulo onsewa, limene lidandigwira mtima ndi loletsa kusunga chakudya. Poyamba ndidaliona ngati lopusa. Munthu wanzeru amasunga; nkhokwe tidaimangira chiyani? Koma nditaganiza bwino ndidaona cholinga chake. Mmonke wosasunga, wosalima, wosagwira ndalama, m'mawa uliwonse ayenera kukaima pamaso pa anthu wamba ndi mbale yopanda kanthu. Sangadzitsekere m'nyumba n'kuiwala mudzi. Akayamba makhalidwe oipa, mbale ibwerera yopanda kanthu. Ndipo mayi amene wamuthira mpunga akudziwa kuti mpungawo udyedwa lero lomwe, sukagulitsidwa kuti pagulidwe njinga yamoto. Kodi wansembe sadya za akhristu chimodzimodzi? Mtulo wa chimanga, nkhuku, mazira, tindalama ta m'mbale ya Lamulungu, zonsezi zimachoka m'manja mwa anthu amene ena mwa iwo agona ndi njala mu Febuluwale. Ngakhale nsima imene tikudya kuno ku seminale, mbali ina ndi thukuta la akhristu a m'miphakati amene sadzatidziwa n'komwe maina. Kusiyana kwake n'kwakuti ife sitiona dzanja lopatsalo m'mawa uliwonse, tsono timafulumira kuiwala, mpaka kumadandaula kuti nyemba zachuluka.

Palinso ufulu wina umene umabwera ndi mbale imeneyi. Mu Seputembala 2007, boma la asilikali ku Myanmar litakweza mtengo wa mafuta n'kumenya amonke ena, amonke zikwizikwi adayenda m'misewu ya Yangon, ena atavundikira mbale zawo. Kuvundikira mbale ndi chilango chakale cha m'malamulo awo: kukana kulandira mphatso ya munthu wochita zoipa. Kwa Mbuda chimenechi n'chowawa zedi, pakuti amakhulupirira kuti wopatsa ndiye amapindula. Asilikali adayankha ndi mfuti ndi ndende, komabe dziko lonse lidaona. Funso langa ndi lakuti, munthu amene wazolowera zambiri angathe kuvundikira mbale? Tonse taonapo andale akubwera pa mwambo wa tchalitchi ndi envelopu yonenepa, makamaka chisankho chikayandikira. Wansembe amene moyo wake ukufuna mafuta a galimoto tsiku ndi tsiku, zovala zatsopano ndi foni ya makono, envelopu imeneyo adzaikana bwanji? Ndipo akailandira, Lamulungu lotsatira pakamwa padzatseguka?

Pano ndiyenera kuyankha mawu amene mnzanga wina adandiponyera titakhala pa ntchito zamanja, ndipo adandilasa. Iye adati, "Iwe, ukufuna kuphunzitsa Amalawi umphawi? Amayi ako akadya kamodzi pa tsiku ndiye kuti ndi amonke?" Adanena zoona. Kuuza munthu wa njala kuti achepetse zofuna ndi chipongwe. Pali umphawi wosankha ndi umphawi wokugwera, ndipo ziwirizi n'zosiyana ngati kusala kudya pa Lachisanu Loyera ndi kugona ndi njala chifukwa ufa watha. Wosankha amadziwa kuti atafuna angathe kudya, ndiye mtima wake umamasuka. Winayo mtima uli pa chakudya usana ndi usiku, ndipo palibe mtendere pamenepo. Buddha mwini adayesa njala zaka 6 naikana. Abuda amasimbanso za mlimi wina wa ku Alavi amene adafika mochedwa pa ulaliki atasakasaka ng'ombe yake tsiku lonse osadya kanthu, ndipo Buddha adalamula kuti ayambe wapatsidwa chakudya, ulaliki pambuyo. Motero nkhani yangayi siyikupita kwa mayi anga. Iwo afunika feteleza, mankhwala ndi denga losadontha, ndipo Mpingo uyenera kuwamenyera nkhondo kuti azipeze. Nkhaniyi ikubwera kwa ine, amene Mulungu akalola ndidzakhala m'nyumba ya magetsi pakati pa anthu ounikira tochi.

Makolo athu okondedwa, pepani, ndilankhuleko ndi inu mwaulemu. Ambiri mwa inu mudatipereka kuno ndi mtima woyera, ndipo mukuvutika kupeza fizi. Koma tikabwera ku holide timamva mawu ena m'mudzi: "Limbikira mwanawe, ukadzadzozedwa udzatinyamula pa galimoto." Amalume ayamba kale kuwerengera ana amene Bambo adzawalipirire sukulu. Mawu otere amanenedwa moseka, koma amamera mizu mumtima mwa mnyamata wa zaka 15, ndipo amayamba kuona unsembe ngati ntchito ya malipiro abwino yosafuna intavyu. Zoona, wansembe wa dayosizi sachita lumbiro la umphawi monga achitira a m'zipani. Komabe malamulo a Mpingo, pa nambala 282, amauza ansembe onse kuti akhale moyo wosalira zambiri, apewe zachabechabe, ndipo zotsala pa zimene alandira azigwiritse ntchito pothandiza Mpingo ndi osauka. Lamulo limeneli lidakhala pamenepo chilembedwere mu 1983, kungoti silitchuka pa madyerero a kudzozedwa.

Ndisanamize awerengi kuti amonke onse ndi angelo. Mu 2013 dziko la Thailand lidagwedezeka ndi kanema wa mmonke wina atakhala m'ndege yobwereka payekha, atavala magalasi a dzuwa, pambali pali chikwama cha mtengo wapatali. Mu 2018 khoti lidamupeza wolakwa pa milandu ya chinyengo. Ku Myanmar komwe ndatamanda kuja, amonke ena adalalika chidani pa Asilamu a mtundu wa Rohingya. Koma tisafulumire kuseka, pakuti m'chaka chomwecho cha 2013 ife Akatolika tidachita manyazi ndi nkhani ya episkopi wa ku Limburg ku Germany, amene nyumba yake ndi maofesi zidadya mayuro pafupifupi 31 miliyoni, mpaka adatula pansi udindo mu 2014. Nsalu ya chikasu ndi mkanjo woyera zonse zingathe kuphimba mtima wa ludzu.

Nanga ndiye tisiye Misa tikakhale pansi pa mkuyu? Iyayi. Pali pamene ine ndi Mbuda timasiyana njira, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kusalemekeza onse awiri. Buddha sadaphunzitse za Mulungu Mlengi amene amamva pemphero. Adaphunzitsa kuti mwa munthu mulibe mwini wokhalitsa wosasinthika, ndipo kuti munthu amabadwanso kambirimbiri mpaka ludzu litazima. Adauza ophunzira ake kuti adzilimbikire okha. Ife timakhulupirira kuti aliyense adalengedwa ndi kuitanidwa ndi dzina, kuti timakhala ndi moyo pano kamodzi, ndipo kuti mtendere ndi mphatso ya Ambuye Yesu, osati malipiro a khama lathu lokha. Augustine Woyera, amene adalawa zokoma za dziko mokwanira, adaona ludzu lomwelo limene Buddha adaona, koma iye adati mtima umasowa mpumulo chifukwa udapangidwira Mulungu. Kwa iye ludzulo si lozimitsa, koma lolilondolera ku chitsime chake. Ine ndili kumbali ya Augustine. N'chifukwa chake mu 1989 likulu la Mpingo loona za chiphunzitso lidalemba kalata yochenjeza kuti njira za kusinkhasinkha za kum'mawa zingathandize kukhazika thupi ndi maganizo, koma zisalowe m'malo mwa pemphero, limene ndi kukumana ndi Mulungu wamoyo. Ndi bwinonso kusamala pakamwa ponena za chipembedzo cha eni ake. Papa John Paul II atalemba mawu ena okhudza Chibuda m'buku lake la 1994, atsogoleri a Chibuda ku Sri Lanka adakhumudwa, ndipo sadabwere ku msonkhano wake atafika kumeneko mu Januwale 1995.

Chimene chandidabwitsa kwambiri n'chakuti zonse zimene ndasirira kwa amonkewa zili kale m'nyumba mwathu. Anthony Woyera wa ku Egypt adamva m'tchalitchi nkhani ya mnyamata wachuma uja amene adachoka kwa Yesu ali wachisoni, ndipo iye adagawa minda yake napita ku chipululu. Francis Woyera wa ku Assisi adavula zovala za bambo wake pamaso pa episkopi. Benedict Woyera adalamula kuti mkulu wa amonke aziyendera mabedi kawirikawiri kufufuza ngati wina wabisa katundu wake wake. Anzanga amene mumadandaula ndi chipikisheni cha kogona, dziwani kuti chidayamba zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Ndipo nayi nkhani yoseketsa: kwa zaka mazana ambiri akhristu a ku Ulaya ankakonda mbiri ya woyera wina dzina lake Josaphat, mwana wa mfumu ya ku India amene adatchingiridwa m'nyumba yachifumu, naona wodwala ndi nkhalamba, nasiya zonse. Akatswiri adadzazindikira pambuyo pake kuti imeneyi idali mbiri ya Buddha yemwe, itayenda m'ziyankhulo zambiri n'kuvala malaya achikhristu. Thomas Merton, mmonke wa Chikatolika wa ku Gethsemani ku America, adapita kukacheza ndi Dalai Lama ku Dharamsala mu Novembala 1968, patatsala mwezi umodzi kuti amwalire ku Thailand, ndipo sadapite kukasintha chipembedzo koma kukaphunzira kukhala mmonke wabwinopo. Nthawi zina mankhwala amakhala kuseri kwa nyumba yako, koma umawadziwa mlendo akakulozera.

Mu Lenti yapitayi ndidayesa pang'ono. Ndidalemba pa pepala zinthu zonse zimene ndili nazo kuno, ndipo ine amene ndimadziyesa wosauka ndidapeza zopitirira 40, zina zoti sindidazigwirepo chibwerere. Juzi imodzi ndidapatsa mnyamata wa Fomu 1 amene ankanjenjemera pa Misa ya m'mawa. Ndidayesanso kuti pa nthawi ya kusinkhasinkha, m'malo mosinza monga mwa chizolowezi chathu, ndikhale tsonga ndi kuyang'ana chilakolako chilichonse chikamabwera, osachithamangitsa, osachitsatira, kenaka n'kuchipereka kwa Ambuye. Ndidaona kuti chilakolako chimatha chokha ngati suchidyetsa, mwina pa mphindi zochepa chabe. Sindinama kuti ndidasanduka woyera. Pa tsiku lochezera makolo mnzanga uja adalandira nsapato zatsopano za mpira, ndipo nsanje idabwera yonse ngati kale. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno ndidaizindikira ikulowa pakhomo, ndipo usiku ndidagona.

Kwa Bambo Rekita ndi aphunzitsi athu ndili ndi pempho limodzi lokha, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ena sadzandipatsa moni sabata yonse. Kamba amene timabwera naye potsegulira ndi amene makolo amabweretsa pa tsiku lochezera asamalowe m'mathiranki. Aziperekedwa pamodzi, n'kumagawidwa pa matebulo m'chipinda chodyera, kuti wa chiponde ndi wa chimanga chokazinga adye zofanana. Padzakhala madandaulo, ndipo makolo ena adzati ndagulira mwana wanga osati gulu. Koma ngati sitingathe kugawana botolo la chiponde tili ndi zaka 16, sindikuona momwe tidzagawanire parishi tili ndi zaka 40.

Mayi andilembera kuti mtedza wachita bwino chaka chino, ndipo andisungira ndowa imodzi ya teremu ikubwerayi. Mnzanga wa maloko awiri uja ndamuuza kale za pempho langali. Sadayankhe kanthu, koma adafunsa ngati mtedzawo amauthira mchere.